Kodi Luso la Kuimba N'lobadwa Nalo?

Kupenda buku la Shinichi Suzuki ndi njira yake yophunzitsira vayolini

Mnyamata akaliza ng'oma bwino pa bwalo, anthu amati, "Ameneyu anabadwa nazo, watengera amalume ake." Wina akalephera kutsata nyimbo m'kwaya amati, "Uyu alibe khutu, musavutike naye." Mau awa amamveka opepuka, koma ali ndi mphamvu yaikulu, pakuti amatsekera anthu ambiri pa khomo la maphunziro asanayese n'komwe. Munthu amene anauzidwa ali mwana kuti mutu wake ngouma amakula nawo mauwo, ndipo ngakhale imvi zitamera amaopa cholembera, amaopa buku, amaopanso nyimbo.

M'dziko la Japan munali mphunzitsi wina, dzina lake Shinichi Suzuki, amene anakana mau otere masiku onse a moyo wake. Iye analemba buku m'Chijapani m'chaka cha 1966, ndipo mkazi wake Waltraud analimasulira m'Chingerezi. Linatuluka m'chaka cha 1969 ndi dzina lakuti Nurtured by Love, ndiko kunena kuti kuleredwa ndi chikondi. Bukuli lafala m'maiko ambiri, ndipo aphunzitsi ochuluka a vayolini amatsata njira yake. Buku lotchuka chotere liyenera kupetedwa mofatsa monga mai apeta mphale, kuti gaga apite kwake ndi mphale itsale m'lichero.

Vayolini ndi kuvuta kwake

Wowerenga amene anaonapo kaligo sadzavutika kumvetsa vayolini, pakuti ziwirizi n'zapachibale. Kaligo ali ndi nsambo imodzi, vayolini iri ndi nsambo zinai, koma zonse amaziliza pokoka uta pamwamba pa nsambo. Uta wa vayolini amaumanga ndi ubweya wa kumchira kwa kavalo, naupaka utomoni wouma kuti ugwire nsambo ndi kuinjenjemeretsa. Woimba amapanira choimbiracho pakati pa chibwano ndi phewa la kumanzere, uta uli m'dzanja lamanja. Maonekedwe ake a lero anakhazikika ku Italy, makamaka mumzinda wa Cremona, kumene Andrea Amati anali kupanga mavayolini m'zaka za m'ma 1500, ndi kumene Antonio Stradivari, amene anamwalira mu 1737, anapanga ena amene akali kuimbidwa kufikira lero.

Nsambo zinaizo zimatchedwa G, D, A ndi E. Amene adziwa solfa ya m'kwaya angamvetse motere: nsambo ina ikakhala d, yotsatana nayo ikhala s. Nsambo ya A imanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Woimba akaipanikiza ndi chala, mbali yonjenjemera imafupika ndipo liu limakwera. Akapanikiza pakati penipeni limatuluka liu lomwe lija koma lapamwamba, monga d wapansi ndi d wapamwamba.

Tsono kuvuta kuli apa. Gitala ali ndi tizitsulo topingasa tosonyeza poika chala, koma vayolini iribe. Chala chikaphonya pang'ono pokha, ngakhale ngati kukula kwa njere ya mpunga, liu lasokera, ndipo choongolera chala ndi khutu lokha. Chifukwa chake kuyambira kale vayolini imaphunzitsidwa kawirikawiri mphunzitsi mmodzi ndi wophunzira mmodzi, kuti mphunzitsi amve liu liri lonse ndi kuongola dzanja nthawi yomweyo. Ndi chifukwa chakenso anthu anali kuganiza kuti choimbira ichi n'cha obadwa ndi mphatso okha.

Suzuki anali yani?

Suzuki anabadwa mu 1898 mumzinda wa Nagoya. Atate wake Masakichi anali ndi fakitale yopanga mavayolini, koma mnyamatayo anakula osadziwa kukoma kwa zimene zinali kupangidwa m'menemo. Ali ndi zaka 17 anamva mbale ya galamafoni ya Mischa Elman akuimba nyimbo ya Schubert, ndipo mtima wake unagwidwa. Anatenga vayolini imodzi ku fakitale, nayamba kudziphunzitsa yekha, kumvetsera mbale ndi kutsanzira, kumvetseranso ndi kutsanziranso. Ali ndi zaka 22 anapita ku Berlin, m'dziko la Germany, nakhalako zaka 8 akuphunzira kwa Karl Klingler monga wophunzira wapadera.

Atabwerera kwao, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, bambo wina anadza naye mwana wa zaka 4, dzina lake Toshiya Eto, napempha kuti amphunzitse. Suzuki anasowa pogwira, popeza njira zimene anali kuzidziwa zinali za ophunzira okulirapo. Posinkhasinkha anazindikira chinthu chimene munthu ali yense amachiona koma sachisamala: ana onse a ku Japan amalankhula Chijapani. Chilankhulo ndi chinthu chovuta koposa, komabe palibe mwana wolungalunga amene amalephera chilankhulo cha amake. Palibe amene amamuyesa mayeso poyamba kuti aone ngati ali ndi mphatso ya kulankhula. Amangomva tsiku ndi tsiku, amayesa, amalakwa, amake amaseka mokondwa, ndipo amayesanso. Suzuki anadzifunsa kuti, nanga vayolini ingalephereke bwanji kuphunzitsidwa momwemo?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1946 anayamba sukulu yake mumzinda wa Matsumoto. Mu 1955 ana mazana ambiri anaimbira pamodzi ku Tokyo. Mu 1958 kanema wa ana otere anaonetsedwa ku Oberlin, m'dziko la America, ndipo aphunzitsi a kumeneko anazizwa. Mu 1961 Pablo Casals, woimba wotchuka wa ku Spain, anamva ana 400 ku Tokyo nakhudzidwa mtima kwambiri. Mu 1964 Suzuki anapita ndi ana 10 ku America, ndipo kuyambira pamenepo njira yake inafalikira. Anamwalira ku Matsumoto mu 1998 ali ndi zaka 99.

Njira yake

Njira ya Suzuki yaima pa nsanamira zingapo. Choyamba, mwana ayambe ali wamng'ono, wa zaka 3 kapena 4, ndi vayolini yaing'ono yolingana ndi mkono wake, imene imasinthidwa pamene iye akukula. Chachiwiri, amve nyimbo zimene adzaimba tsiku ndi tsiku m'nyumba, asanagwire n'komwe uta. Chachitatu, kholo lake lifike pa phunziro liri lonse, ndipo poyamba kholo ndilo liphunzire kugwira vayolini, kuti likakhale mphunzitsi wa kunyumba masiku ena onse. Chachinai, ana onse atsate nyimbo zimodzimodzi m'ndondomeko imodzi. Za vayolini ziri m'mabuku 10: loyamba limayamba ndi kanyimbo ka ana kosinthidwa mayendedwe ake, ndipo awiri otsiriza ali ndi nyimbo zazikulu za Mozart. Chachisanu, nyimbo yakale isatayidwe pamene yatsopano yafika, monga mwana sataya mau akuti "amai" ataphunzira akuti "atate". Chachisanu ndi chimodzi, pambali pa phunziro la yekha mwana aimbenso pamodzi ndi anzake. Chotsiriza, kuwerenga nyimbo zolembedwa kudikire kufikira dzanja ndi khutu zitakhazikika, monga mwana ayamba kulankhula asanalowe sukulu.

Zimene buku lanena zoona

Ubwino waukulu wa bukuli ndi wakuti lachotsa mlandu pa mwana ndi kuuika pa akulu. Mwana akalephera, Suzuki safunsa kuti mwanayu ngotani. Amafunsa kuti waphunzitsidwa bwanji, wamva chiyani, ndipo wapatsidwa nthawi yotani. Mphunzitsi ali yense woona mtima adziwa kuti funso limeneli n'lowawa, chifukwa n'kwapafupi kutcha mwana mbuli koposa kusintha kaphunzitsidwe.

Nkhani zimene zimagwira mtima koposa m'bukuli ndi za ana amene ena akadawataya. Muli mwana wosaona amene anaphunzitsidwa kudziwa pamene pali nsonga ya uta wake ngakhale sanali kuiona. Mulinso mtsikana wopuwala dzanja, amene uta unali kumpulumuka nthawi zonse pofika pa malo amodzimodzi a nyimbo, ndipo anayesa miyezi yambiri pamodzi ndi amake kufikira dzanja linagwira. M'nkhani izi mulibe zozizwitsa. Muli kugawa ntchito yaikulu m'tizigawo ting'onoting'ono ndi kubwereza kosatopa. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zipatso za njirayi zinaonekanso. Toshiya Eto uja anakhala woimba wodziwika, naphunzitsa pa sukulu ya Curtis ku America. Koji Toyoda, amene Suzuki anamlera m'nyumba mwake atamwalira makolo ake, anakhala mtsogoleri wa oimba vayolini m'gulu lalikulu la oimba ku Berlin.

Ofufuza anadzavomereza mbali ina ya mau ake. Mu 1993 Anders Ericsson ndi anzake anafunsa ophunzira vayolini pa sukulu ya nyimbo ku Berlin za maola amene anathera akuyeserera paokha. Pofika zaka 18, opambana onse anali atathera maola oposa 7,000, apakati oposa 5,000, ndipo a gulu lachitatu pafupifupi 3,400. Panalibe katswiri amene anafika pamwamba popanda thukuta.

Komanso munthu wa kumudzi angadabwe chifukwa chake anthu a ku America anazizwa. M'midzi ya Achewa palibe woliza ng'oma amene anayamba ndi buku. Mwana amamva ng'oma ali kumsana kwa amake, amagogoda chitini pamodzi ndi anzake, amakhala pafupi ndi alizi pa gule, ndipo tsiku lina amapatsidwa mbalule. Chimene Suzuki anachipeza ku Japan ndi nzeru yakale ya anthu onse, imene masukulu a nyimbo anali ataiwala. Ulemu wake ndi wakuti anaikumbukira, naiika m'ndondomeko yoti ena atsate.

Pamene buku latsimphina

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chofooka choyamba ndi kamangidwe ka bukulo. Si buku la maphunziro loyenda mwa dongosolo, ndiponso si mbiri ya moyo yolongosoka. Wolemba amadumpha kuchoka pa ubwana wake kupita pa mbalame, kuchoka pa mbalame kupita ku Berlin, nabwereza mfundo imodzi kambirimbiri. Wofuna kudziwa kagwiridwe ka uta sadzapezamo zambiri. Ndi ulaliki, ndipo monga alaliki ena amachitira, Suzuki amaika nthano pamene pafunika umboni.

Amafotokoza za timbalame ta ku Japan timene amatiika pafupi ndi mbalame yoimba bwino kuti titengere kaimbidwe kake. Chitsanzochi n'chokoma, koma chimatsutsanso mwini wake, pakuti khwangwala ngakhale atakhala chaka chathunthu pafupi ndi mbalame yomweyo sadzaleka kulira ngati khwangwala. Amadaliranso kwambiri nkhani ya Amala ndi Kamala, atsikana awiri a ku India amene zinamveka kuti anapezeka mu 1920 akuleredwa ndi mimbulu. Umboni wa nkhaniyo unachokera makamaka m'zolemba za mbusa mmodzi, J. A. L. Singh, ndipo ofufuza ambiri a pambuyo pake anaikana kuti si yoona. Nyumba yomangidwa pa nsanamira yofumbwa imadetsa nkhawa ngakhale denga lake likhale labwino.

Chofooka chachiwiri n'chachikulu koposa. Suzuki sanakhutire ndi kunena kuti mwana ali yense angaphunzire. Anapitirira nati luso la nyimbo silibadwa ndi munthu, koma limamera ndi maleredwe. Apa anadumpha malire. Mu 2014 ofufuza ku Sweden anayesa mapasa oposa 10,000, napeza kuti kutha kusiyanitsa mau ndi mayendedwe a nyimbo kumatsata chibadwa pa mbali yaikulu, ndiponso kuti ngakhale mtima wokonda kuyeserera umatsata chibadwa pa mbali ina. Mu 2019 Brooke Macnamara ndi mnzake anabwereza kafukufuku wa Ericsson uja, napeza kuti opambana onse ndi apakati sanasiyane kwenikweni pa maola. Tanthauzo lake n'lakuti kuyeserera n'kofunika kwa onse, koma sikufikitsa onse pa malo amodzi. Ngakhale pa chilankhulo chimene Suzuki anadalira ziri chomwecho: onse a m'mudzi amalankhula, koma si onse angathe kutambasula mlandu pa bwalo la mfumu.

Kulakwa kumeneku kuli ndi mbola yake. Ngati zonse zichokera ku maleredwe, ndiye kuti mwana akatsalira wolakwa ndi mai wake. Mtolo wachoka pa mwana, koma wagwera munthu wina amene mwina anachita zonse zimene akadatha. Ndiponso njirayi imafuna kholo lokhala ndi nthawi tsiku liri lonse, ndalama za mphunzitsi sabata iri yonse kwa zaka zambiri, ndi vayolini yatsopano nthawi zonse pamene mkono wa mwana watalika. Mai amene amalawirira kumunda nabwera dzuwa litapendeka sangakwanitse zimenezi. Buku limene likunena za mwana ali yense liyenera kulankhulanso za mwana wa mai wotere, koma pa iye liribe mau okwanira.

Khutu ndi maso

Mkangano waukulu pakati pa aphunzitsi a vayolini uli pa kuwerenga. Otsutsa Suzuki akhala akudandaula kuti ana ena a njira yake amaimba nyimbo zovuta pamtima, koma akapatsidwa pepala la nyimbo yapafupi imene sanaimvepo amaima njo. Nkhani iyi wowerenga amene waphunzira zilembo atakula adzaimvetsa koposa wina ali yense. Iye anali kulankhula bwino kale, mwina koposa mwana wa sukulu, koma kalata ikafika anali kufuna wina womwerengera. Woimba wosadziwa kuwerenga nyimbo ali chimodzimodzi: sangaimbe kanthu kufikira wina ayambe wamuimbira.

Kulemba nyimbo kuli ndi mbiri yake. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, Guido wa ku Arezzo, m'dziko la Italy, anakonza njira yoika zizindikiro za mau pa mizere, napatsa mau maina amene anabala do, re, mi a lero. Cholinga chake chinali chakuti woimba athe kuimba nyimbo imene sanaimvepo. Lero mizereyo ndi isanu. Chizindikiro chikakhala pamwamba liu n'lokwera, chikakhala pansi liu n'lotsika, ndipo maonekedwe ake amasonyeza kutalika kwa liu. M'zaka za m'ma 1800 ku England, Sarah Glover ndi John Curwen anakonza njira yapafupi ya zilembo d, r, m, f, s, l, t, ndiyo solfa imene amishoni anafika nayo ku Malawi, imenenso makwaya ambiri a m'matchalitchi akali kuigwiritsa ntchito.

Malamulo a nyimbo ndi oposa kuwerenga chabe. Amafotokoza chifukwa chake d, m ndi s zikaimbidwa pamodzi zimagwirizana, chifukwa chake nyimbo yothera pa s imamveka ngati funso ndi yothera pa d ngati yankho, ndi chifukwa chake besi amayenda njira yosiyana ndi sopulano koma nafika pamodzi. Wodziwa izi akaiwala pakati pa nyimbo amatha kudzipezera njira. Wongoloweza akaiwala amabwerera pachiyambi.

Kodi tsono Suzuki analakwa? Pa kuyamba ndi khutu sanalakwe. Popeza vayolini iribe tizitsulo tosonyeza poika chala, mwana wosadziwa m'mutu mwake liu limene akulifuna sangadziwe kuti waphonya. Kumuuza kuti ayang'ane pepala, asamale uta, asamale zala ndi kumvetsera zonse nthawi imodzi ndiko kumsenzetsa mitolo inai. Suzuki sanaletse kuwerenga, anangoti kudikire. Kulakwa kuli pakuti buku lake limatamanda khutu masamba ambiri, koma za nthawi yoyambira maso ndi njira yake silinena zomveka, ndipo otsatira ena anadikira mopitirira. Aphunzitsi ambiri a njirayi masiku ano amayamba msanga kuphunzitsa kuwerenga pambali, ngati phunziro lapadera, ndipo akuchita bwino.

Pepala nalonso liri ndi malire ake. Mizere isanu ija inakonzedwera nyimbo za ku Ulaya, ndipo sitha kusunga bwino kamvekedwe konse ka bangwe kapena kaligo. Nyimbo zambiri za oimba bangwe akale zikumveka lero chifukwa Hugh Tracey anazijambula ndi makina m'zaka za m'ma 1950, pamene dziko linali kutchedwa Nyasaland. Khutu lopanda pepala limaiwala mwini wake akamwalira, ndipo pepala lopanda khutu ndi zilembo zouma. Woimba wokhwima amafuna zonse ziwiri.

Nanga akulu?

Munthu wamkulu wowerenga bukuli angagwe mphwayi, pakuti pafupifupi tsamba liri lonse likuti m'mera mpoyamba. N'zoona kuti amene afuna kudzakhala katswiri woimbira makamu ayenera kuyamba ali mwana, zala zikali zofewa. Koma moyo wa Suzuki mwini wake ukutsutsa kutaya mtima. Iye anayamba ali ndi zaka 17, msinkhu umene aphunzitsi ambiri a vayolini amati ndi mochedwa. Ndipo m'njira yake woyamba kugwira vayolini ndi kholo, munthu wamkulu. Ngati mai angaphunzire kuti athandize mwana, angaphunzirenso chifukwa cha iye mwini.

Wamkulu ali ndi zovuta zake. Mapewa ake ngouma, nthawi yake njochepa, ndipo khutu lake limamva kuipa kwa kulira kwa vayolini m'miyezi yoyamba, pamene mwana sasamala. Choopsa koposa ndi manyazi, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma ali ndi zake zimene mwana alibe. Amadziwa chifukwa chake wabwera, amatha kudzilamula kukhala pansi tsiku ndi tsiku, ndipo amamvetsa malamulo msanga. Chifukwa chake mphunzitsi wanzeru sadikira zaka kuti amphunzitse kuwerenga. Wamkulu amene anaimbapo solfa m'kwaya ali kale pakati pa ulendo, pakuti makwerero a mau ali m'mutu mwake, ndipo chatsala ndi kuphunzitsa zala kuwapeza. Apa ndi pamene phunziro la mphunzitsi mmodzi ndi wophunzira mmodzi lionetsa phindu lake: mwana wa zaka 4 ndi bambo wa zaka 50 salowera khomo limodzi, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa khomo la ali yense. Ndondomeko imodzi ya onse, ngakhale ikhale yabwino, sitha kulowa m'malo mwa maso a mphunzitsi.

Kodi nyimbo imakonza mtima?

Suzuki ananena kawirikawiri kuti cholinga chake sichinali kupanga akatswiri, koma kulera anthu a mtima wabwino, ndipo anakhulupira kuti ana oleredwa ndi nyimbo zokoma adzathandiza kuthetsa nkhondo. Munthu amene anaona dziko lake litaonongeka ndi mabomba, ndi ana atasanduka amasiye, sayenera kusekedwa pa chiyembekezo chotere. Koma mbiri ili ndi umboni wowawa. Reinhard Heydrich anabadwira m'nyumba ya nyimbo ku Germany, atate wake anali ndi sukulu ya nyimbo, ndipo iye anaphunzira vayolini ali mwana naiimba bwino. Munthu yemweyo ndiye anatsogolera msonkhano wa ku Wannsee mu 1942, umene unakonza dongosolo la kupha Ayuda a ku Ulaya. Vayolini imaphunzitsa kudekha, kumvetsera ndi kugwirizana ndi ena, koma zimenezi ndi zida chabe, monga nkhwangwa imene ingamange nyumba kapena kupha munthu. Chimene chinakonza mitima ya ana a ku Matsumoto, ngati inakonzeka, chinali chifatso cha mphunzitsi ndi kholo lokhala pambali tsiku ndi tsiku. Dzina la buku likunena zoona koposa mfundo zina za m'kati mwake.

Chigamulo

Buku la Suzuki liri lofooka pa umboni, koma lamphamvu pa ntchito. Pamene likuti anthu onse amabadwa olingana pa luso la nyimbo, silinena zoona. Pamene likuti palibe munthu woyenera kutayidwa asanaphunzitsidwe bwino, likunena zoona zimene mphunzitsi ndi kholo liri lonse ayenera kuzisunga. Palibe angadziwe pamene wophunzira adzafika kufikira atayenda naye ulendowo, ndipo amene aweruza pa tsiku loyamba amaweruza mumdima.

Wofuna mphunzitsi wa vayolini, kapena wa choimbira china chiri chonse, wa mwana wake kapena wa iye mwini, angatengepo muyeso uwu. Aone ngati mphunzitsiyo amaimbira wophunzira kuti amve liu labwino, ngati amagawa chovuta m'tizigawo, ngati amabwerera ku zakale, ndi ngati amaongola popanda kunyoza. Izi ndi za Suzuki, ndipo n'zabwino. Koma afunsenso kuti kuwerenga nyimbo ndi malamulo ake zidzayamba liti, ndipo asalole yankho lakuti "m'tsogolo" lopanda nthawi yake. Mphunzitsi wabwino amagwira ntchito yakuti tsiku lina wophunzira asamfunenso, koma atenge pepala la nyimbo imene sanaimvepo, aiwerenge yekha, naiimbe.